Mfundo imene wandale sanainene: ndiipeza bwanji m'mafunso a mayeso?

Nachisale, Mangochi Boma

Moni nonse. Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Mangochi, ndipo kwa miyezi inayi tsopano ndakhala ndikukonzekera mayeso a LSAT, amene amalemba anthu ofuna kukaphunzira zamalamulo ku America ndi ku Canada. Malikisi ake amayambira pa 120 kulekeza 180, ndipo chiyambire Ogasiti 2024 magawo awiri mwa atatu amene amawerengeredwa ndi a kusanthula mfundo za munthu wolankhula. Gawo lililonse ndi la mphindi 35 ndipo limakhala ndi mafunso pafupifupi 25, kotero munthu alibe mpata wokhalitsa pa funso limodzi.

Vuto langa lili pa mafunso amene amafuna kuti utchule mfundo imene wolankhula watsamirapo koma sanainene, imene m'mayesomo amaitcha assumption. Nkhani ikakhala ya zaulimi kapena ya zamankhwala ndimakhoza, koma ikangokhala ya wandale amene akulankhula za msonkho, katangale kapena chisankho, ndimalakwa mobwerezabwereza, ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti ndimalakwa mtima uli m'malo kuti ndakhoza. Poti safunsa anadya phula, ndabwera nalo kwa inu funso ili, limene mnzanga amene tikukonzekera limodzi anandilembera motsanzira kalembedwe ka mayesowo.

Phungu wa m'dziko lina akuti: "Zaka zitatu zapitazo khonsolo yathu inalamula kuti ogulitsa pamsika azilipira msonkho wa tsiku ndi tsiku kudzera pa foni m'malo mopereka ndalama pamanja. Chiyambire pamenepo, ndalama zimene khonsolo imapeza pamsika zawonjezeka kwambiri. Choncho n'zoonekeratu kuti kale otolera msonkho ankaba gawo la ndalamazo." Kodi phunguyu watsamira pa mfundo iti?

A. Otolera msonkho onse a nthawi imeneyo anali osakhulupirika.
B. Ogulitsa ambiri amakonda kulipira pa foni kusiyana ndi kupereka ndalama pamanja.
C. Kuwonjezeka kwa ndalamazo sikunabwere chifukwa cha kukwezedwa kwa msonkho kapena kuchuluka kwa ogulitsa kokha.
D. Katangale ndi vuto lalikulu m'makhonsolo a mayiko ambiri.
E. Palibe njira ina yotolera msonkho yoposa ya pa foni.

Ine ndinasankha D, ndipo mnzangayo akuti yankho ndi C. Sindikukana kuti C ili ndi nzeru, koma D ndi yoona, aliyense akuidziwa, ndipo ikugwirizana ndi zimene phungu akunena. Ndithandizeni kumvetsa chifukwa chimene yankho loona lingakhalire lolakwa.

Mphunzitsi Wopuma, Namwera

Aphunzitsi anzanga, mwafunsa bwino, ndipo yankho la vuto lanu lili m'chiganizo chanu chomaliziracho. Funsolo silinakufunseni kuti pa mfundo zisanuzo yoona ndi iti. Lakufunsani kuti ndi iti imene ikachotsedwa, mawu a phungu sangaimenso.

Ganizirani za mphika umene uli pa mafuwa. Mukaima kutsogolo kwake mumaona mafuwa awiri, koma simukayika kuti kuseri kuli lachitatu, chifukwa popanda ilo mphikawo ukanagwa kale. Phungu watisonyeza mafuwa awiri: njira yolipirira inasintha, ndipo ndalama zinawonjezeka. Pamwamba pake watereka chigamulo chake, chakuti otolera ankaba. Ntchito yanu ndi kuzungulira kuseri kwa mphika ndi kuona fuwa limene labisika. Njira yoliyesera ndi yosavuta: tengani yankho, mulikane, kenako muone ngati mphika ukadali chiimire.

Tiyambe ndi D yanuyo. Tinene kuti katangale si vuto lalikulu m'makhonsolo a mayiko ambiri. Kodi zimenezi zikuletsa otolera msonkho a pa msika umodzi uwu kukhala akuba? Sizikuletsa, pakuti ngakhale m'mudzi wa anthu olungama mukhoza kupezeka mbala imodzi. Mawu a phungu akuimabe, ndiye kuti D si fuwa, ndi mwala chabe umene uli pafupi ndi moto. Tsopano kanani C. Tinene kuti kuwonjezeka konse kwa ndalamazo kunabwera chifukwa khonsolo inakweza msonkho ndipo ogulitsa anachuluka pamsikapo. Zikatero ndalama zowonjezerazo zafotokozedwa zonse, palibe tambala imene yatsala yoti tinene kuti inkalowa m'thumba la wotolera, ndipo umboni wa phungu sukulozanso kumene iye akufuna. Mphika wagwa. N'chifukwa chake C ndiye yankho. B ndi E sizifuna nthawi yanu, chifukwa zikukamba za ubwino wa foni pomwe chigamulo chikukamba za kuba.

Chifukwa chimene mumalakwira pa nkhani za ndale zokha ndikuchiona chonchi. Funso likamakamba za mankhwala mulibe mbali, choncho mumawerenga zimene zalembedwa. Likamakamba za katangale mumaliwerenga ngati nzika imene yatopa ndi nkhani zoterezi, ndipo mtima umathamangira yankho limene likunena zimene inu mwakhala mukunena. Olemba mayeso amadziwa zimenezi, ndipo yankho lotere amaliika mwadala.

Ndikupatseni chitsanzo cha kwathu kuno chimene ndinkachigwiritsa ntchito ndikamaphunzitsa ana kulemba mtsutso. M'chaka cha 2005 dziko lino linakolola chimanga chochepa kwambiri chifukwa mvula inadula msanga, ndipo anthu mamiliyoni anafunika thandizo la chakudya. M'nyengo yolima ya 2005/06 boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa ndondomeko ya makuponi a feteleza wotsika mtengo, ndipo malinga ndi chiwerengero cha boma, zokolola za 2006 zinaposa kuwirikiza kawiri za chaka chapitacho. Wandale wina anganene kuti, "Makuponi anabwera, zokolola zinakwera, choncho makuponi ndiwo anathetsa njala." Fuwa lake lobisika ndi lakuti kukwerako sikunachokere ku mvula yokha, pakuti chaka chimene akuyerekeza nacho chinali cha ng'amba ndipo chotsatiracho mvula inagwa bwino. Wotsutsana naye anganene kuti, "Mvula inagwa bwino, choncho makuponi sanathandize kanthu." Nayenso watsamira pa mfundo imene sanainene, yakuti mvula yomweyo ikanabereka chimanga chofanana m'minda yopanda feteleza, ndipo mlimi aliyense wa kuno ku Namwera angamufunse mafunso pa mfundo imeneyi. Onani kuti kupeza fuwa lobisika sikutanthauza kuti wolankhulayo wanama. Ndinkawauza ana kuti ayambe apeza mafuwa a mbali imene akuikonda, chifukwa a mbali inayo amaoneka okha.

Langizo langa ndi lakuti polowa m'chipinda cha mayeso, zonse zimene mukudziwa za ndale muzisiye pakhomo.

Wogulitsa Usipa, Malindi

Mayeso amenewa sindikuwadziwa, sukulu ndinalekera Folomu 4, koma ndakhala ndikugulitsa usipa wouma m'misika yosiyanasiyana kwa zaka zambiri, ndipo funso lanu, achemwali, likukamba za moyo wanga wa tsiku ndi tsiku. Ndapempha kuti ndiikepo mawu chifukwa ndikuona kuti phungu uja waiwala chinthu china chimene ngakhale C sinachitchule.

M'misika ina imene ndayendamo, wodula matikiti akangoonekera kumapeto kwa mzere, ogulitsa ena amavundikira malonda awo ndi chitenje n'kuchokapo, ena amanyamula beseni n'kuzungulira kuseri, ndipo amabwerera iye akadutsa. Ena amadandaula kuti sanagulitse kanthu chiyambire m'mawa, wodula matikitiyo n'kuwamvera chisoni. Anthu amenewa sanalipire, ndipo ndalama yawo sinafike m'manja mwa wotolera kuti aibe. Tsono ngati njira ya pa foni inachititsa kuti kuzemba kotereku kuvute, chifukwa dzina la aliyense lili m'kaundula ndipo zikuoneka kuti lero walipira kapena ayi, ndalama za khonsolo zikhoza kukwera kwambiri popanda wotolera ndi mmodzi yemwe amene anabapo. Msonkho sunakwezedwe, ogulitsa sanachuluke, koma olipira ndiwo achuluka.

Funso langa kwa aphunzitsi a ku Namwera ndi ili. Ngati C itakhala yoona koma phungu n'kukhalabe wolakwa chifukwa cha zimene ndafotokozazi, C ikukhala bwanji yankho lokhoza? Ine ndimaganiza kuti yankho lokhoza liyenera kutseka mipata yonse. Komanso sindikugwirizana nawo kwenikweni pa zosiya pakhomo zimene munthu ukudziwa, chifukwa ine mpata umenewu ndauona kaamba kodziwa msika.

Wophunzira Malamulo, Monkey Bay

Amayi a ku Malindi afunsa funso limene linandisautsa ine kwa nthawi yaitali ndisanayambe maphunziro anga ku Zomba, ndipo ndipempha aphunzitsi andilole ndiliyankhe.

Pali mitundu iwiri ya mafunso imene imafanana pamaso koma imafuna zinthu zosiyana, ndipo mumaisiyanitsa poyang'ana mawu a funsolo. Mtundu woyamba umafunsa mfundo imene wolankhula akuidalira kapena imene mawu ake akuifuna. Pamenepa yankho ndi mfundo yofunika, yoti ikasowa zonse zagwa, koma kupezeka kwake sikutsimikiza kuti chigamulo n'choona. Mtundu wachiwiri umafunsa mfundo imene, itavomerezedwa, chigamulo chingatsatire mosakayikitsa. Pamenepa yankho liyenera kutseka mipata yonse monga mwanenera, amayi. Bwato silingayende popanda kukhala lomata bwino pansi, koma kumata kokha sikulifikitsa ku Makanjira, pafunikanso nkhafi kapena injini, ndi nyanja yabata. Funso la achemwali a pa Boma ndi la mtundu woyamba. Phungu watsamira pa mfundo zingapo, ndipo imene mwaipezayo, yakuti kuwonjezekako sikunachokere pa kutha kwa kuzemba kokha, ndi imodzi mwa izo. Ikanalembedwa pa mayankho asanuwo m'malo mwa C, ikanakhala yokhoza. Olemba mayeso amasankha imodzi yokha n'kuiika pakati pa zinayi zolakwa.

Kusiyana kumeneku kumatithandizanso pa A, imene aphunzitsi sanaikambe, koma ndiyo imagwetsa anthu ambiri amene apulumuka pa D. A ikuti otolera onse anali osakhulupirika. Poikana pafunika kusamala, chifukwa kukana "onse" si kunena kuti "palibe ndi mmodzi yemwe", koma kunena kuti "si onse". Munthu akaikana molakwa n'kunena kuti panalibe wotolera wosakhulupirika, adzaona mawu a phungu akugwa ndipo adzasankha A mokondwa. Akaikana molondola, kuti si onse amene anali osakhulupirika, adzaona kuti phungu akuimabe, pakuti otolera awiri mwa khumi akhoza kuba gawo la ndalama anzawo asanu ndi atatu ali olungama. Chimodzimodzi, kukana "nthawi zonse" ndi "si nthawi zonse", ndipo kukana "ena" ndi "palibe". Pa mafunso a mtundu woyamba muzikayikira mayankho okhala ndi mawu olemera monga "onse", "palibe" ndi "chokhacho", chifukwa kawirikawiri wolankhula safuna mfundo yaikulu chotero kuti aime. Taonani kufatsa kwa C: sikunena kuti msonkho sunakwezedwe, ikungoti kukwezako sikungafotokoze zonse.

Pali mpata wamtundu wina umene umapezeka kwambiri m'mawu a andale, umene funso ili lilibe, ndipo ndi wa liwu limene lasintha tanthauzo pakati pa umboni ndi chigamulo. Tonse tinauona m'dziko muno. Gawo 80 la malamulo aakulu a dziko linkangoti mtsogoleri wa dziko asankhidwe ndi majority, liwu la Chingerezi lotanthauza ambiri, ndipo kwa zaka zambiri liwuli linkamveka kuti ndi kuposa anzako onse, kotero mu 1994 Bakili Muluzi anapambana ndi mavoti pafupifupi 47 pa 100 alionse, ndipo mu 2014 Peter Mutharika anapambana ndi pafupifupi 36 pa 100 alionse. Pa 3 Febuluwale 2020, bwalo lomasulira malamulo aakulu litathetsa zotsatira za chisankho cha 2019, linagamulanso kuti liwulo likutanthauza mavoti oposa theka la onse oponyedwa, ndipo chisankho cha pa 23 Juni 2020 chinayendera tanthauzo limeneli. Tsono tiyerekeze wandale akuti, "Ndinapeza mavoti ambiri kuposa wina aliyense, choncho anthu ambiri akufuna mfundo zanga." Liwu lakuti "ambiri" lanenedwa kawiri koma silikunena chinthu chimodzi. Poyamba likutanthauza kuposa opikisana naye, kachiwiri likutanthauza oposa theka. Komanso walumpha kuchoka pa kumuvotera iye kufika pa kufuna mfundo zake, ngati kuti munthu sangavote chifukwa cha dera, chipani cha makolo ake kapena kuipidwa ndi winayo. Mukaona liwu latsopano m'chigamulo limene mu umboni munalibe, yankho limakhala pa mlatho wolumikiza mawu awiriwo.

Pa zosiya nzeru pakhomo, ndili kumbali ya amayi a ku Malindi, ngakhale ndikumva chimene aphunzitsi akutanthauza. Chimene chiyenera kutsala pakhomo ndi mbali imene munthu uli, osati kudziwa kwako m'mene zinthu zimayendera. Amene akudziwa msika amaona msanga njira zina zimene ndalama zingakwerere, ndipo akamafika pa mayankho amakhala akudziwa kale chimene akufunafuna. Kunena za nthawi, achemwali, musayese kukana mayankho onse asanu pa funso lililonse, mphindi 35 sizingakwane. Chotsani atatu amene akuonekeratu kuti ali kunja kwa nkhani, ndipo kukanako mukusungire awiri otsalawo.

Nachisale, Mangochi Boma

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndabwerera ku mafunso amene ndinalakwa mwezi wathawu, ndipo pa ambiri a iwo ndinasankha yankho limene ndikanalivomereza likananenedwa pa wailesi. Pa ena ndinachita zimene achimwene a ku Monkey Bay afotokoza, kukana "onse" ponena kuti "palibe".

Kuti ndione ngati ndamvetsa, ndadzilembera funso langa pa nkhani imene timaimva nthawi ya kampeni iliyonse kuno, ya msewu wa ku Makanjira. Tiyerekeze wandale akuti: "Asodzi a ku Makanjira amagulitsa nsomba motchipa chifukwa ogula ochokera m'matauni amafikako ochepa. Msewu wabwino ukafika, ogula adzachuluka. Choncho asodzi adzapeza ndalama zambiri kuposa lero." Ndaikapo mayankho awiri. Loyamba likuti msewu ndi chinthu chokhacho chimene asodziwo akusowa. Lachiwiri likuti nsomba zogwidwa sizidzachepa kwambiri mpaka kufafaniza phindu la kukwera kwa mtengo. Ndikakana loyamba, kuti msewu si chokhacho chimene akusowa, wandale akuimabe, chifukwa munthu akhoza kusowa zinthu zitatu n'kupindulabe atalandira chimodzi. Ndikakana lachiwiri, kuti nsomba zidzachepa mpaka phindu lonse kutha, chigamulo chagwa. Ndiye ndasankha lachiwiri, ndipo si nkhani yongopeka, pakuti tonse tikudziwa m'mene chambo chinatheramo m'nyanja ya Malombe.

Chimene chikundikayikitsa ndi ichi. Mtima wanga ukufuna kutsutsa chiganizo chakuti ogula adzachuluka, chifukwa ndikudziwa kuti mtengo wa mafuta ukhoza kuwaletsa ngakhale msewu utakhala wabwino. Kodi yankho lonena kuti mafuta sadzakwera mtengo lingakhale lokhoza?

Mphunzitsi Wopuma, Namwera

Ndavomera kudzudzulidwa ndi amayi a ku Malindi ndi mwana wathu wa ku Monkey Bay. Ndinanena mawu aakulu kuposa amene ndimafuna, ndipo m'mene awakonzeramo ndi momwemo.

Aphunzitsi, mayankho anu awiri mwawayesa bwino. Za mafutazo, yang'anani pamene chiganizocho chaima. Kuti ogula adzachuluka, wandale wakunena ngati umboni, osati ngati chigamulo, ndipo m'mayeso amenewa umboni umalandiridwa monga waperekedwera. Pa msonkhano wa kampeni muli ndi ufulu wonse woimirira ndi kumufunsa za mafuta, koma pa pepala mwauzidwa kale kuti ogula adzachuluka, kaya mafuta akwere kaya atsike, choncho yankho la mafuta likuteteza chinthu chimene sichikufuna chitetezo. Chikanakhala kuti wandale anati, "Msewu ukonzedwa, choncho ogula adzachuluka," n'kulekera pomwepo, ndiye kuti kuchuluka kwa ogula ndiko chigamulo, ndipo nkhani ya mafuta ikanalowa, ngakhale kuti ikanafunika kufewetsedwa kuti inene zoti mafuta sadzakwera mpaka kuletsa ogula kupitako. N'chifukwa chake musanayang'ane mayankho muzidula mzere pansi pa chigamulo, mudziwe chimene chikuloledwa kukayikiridwa.

Mpata wa funso lanu uli pakati pa kuchuluka kwa ogula ndi ndalama za m'thumba la msodzi, ndipo m'menemo muli fuwa lina limene simunalitchule. Wandale akuganiza kuti ogula akachuluka adzapikisana ndi kukweza mtengo. Nanga akafika padoko n'kugwirizana mtengo umodzi wotsika, kapena ngati msodziyo anatenga kale ngongole ya mafuta a injini ndi ukonde kwa wogula mmodzi amene ayenera kumugulitsa nsomba zonse pa mtengo wopangana? Amayi a ku Malindi akudziwa bwino kuposa ine ngati zimenezi zimachitika pa madoko athu, ndipo ndingakonde atiuze. Inu lembani mfundo imeneyi ngati yankho lachitatu, m'mawu ofatsa monga a C aja, muikane, ndipo mutibweretsere pano Loweruka pamodzi ndi mafunso ena awiri a chisankho amene munalakwa.